Kabokosi ka Lock-up: Kugwila N'kosavuta, Nzelu Ili pa Kuleka

Ma Surf, ma Prado na ma Hilux a automatic amaphika gearbox pa mapili. Munthu wodziwa mawaya angapange yekha kabokosi kothandiza, koma akalakwitsa kangazimitse injini pakati pa mseu

Aliyense amene anakwelako mapili a Manenekela pa Great East Road mu October, kumbuyo kuli matumba a chimanga, aidziwa nyimbo yake. Injini ilila, nsonga ya rev counter ili pamwamba, koma liwilo kulibe. Pang'ono chabe, fungo la oilo wopselela layamba kulowa mu cabin, ndipo ka laiti ka A/T OIL TEMP kayaka pa dashboard. Apo ndiye kuti gearbox yanu ili pa mbaula.

Pa ma galaji a mu komboni mudzamva kuti automatic siikonda katundu. Mbali ina ni zoona. Koma moto uja subadwila mu gearbox yonse, ubadwila pamalo amodzi ochedwa torque converter. Ndipo mkati mwa converter imeneyo opanga motoka anaikamo kale mankhwala ake, ka clutch kochedwa lock-up. Nkhani yonse ili pa funso limodzi: ndani alamula kuti ka clutch aka kagwile, ndipo ndani akauza kuti kaleke?

Mafani awili mu mphika wa oilo

Motoka ya manual muidziwa. Mukachotsa mwendo pa clutch, injini na gearbox zagwilana, chitsulo pa chitsulo. Ya automatic ili na njila ina. Pakati pa injini na gearbox pali chinthu monga mphika wachitsulo wotsekeka, wodzala na oilo wofiila uja, ATF. Mphika umenewo ndiye torque converter.

Tengani mafani awili a panyumba, muwaike moyang'anana, muyatse imodzi. Mphepo yake iyamba kuzungulutsa inzake olo siili ku magetsi. Mu converter zili chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mphepo muli oilo. Fani yoyamba, impeller, izungulila pamodzi na injini. Yachiwili, turbine, ni yomangilila ku shaft yolowa mu gearbox. Pakati pawo pali kachitatu, stator, kamene kamabweza oilo kuti akakankhe futi, ndiye chifukwa chake ponyamuka converter imaonjeza mphamvu pafupifupi kawili. Ndiye chifukwanso mungaime pa ma robot muli mu D, injini osazima.

Ubwino umenewu uli na mtengo wake. Fani yachiwili siifika pa liwilo la yoyamba, nthawi zonse imatsalila. Ba makanika amati islipa. Tiyeni tichite masamu a pa chala. Tinene kuti pa phili injini itulutsa 50 kW, ndipo turbine yatsalila na 10 pelesenti. Ndiye kuti 5 kW siifika ku mawilo, isanduka moto mu oilo. Ni monga ma plate asanu a stove a 1000 W oyaka onse pamodzi pansi pa mipando yanu. ATF ikonda kusebenza pafupi na 80°C. Ikapitilila 120°C iyamba kupsa msanga, ma seal auma, ma clutch a mkati ayamba kudyeka.

Lock-up ndiye imathetsa kuslipa kumeneku. Ni ka clutch kamodzi mkati mwa mphika, ndipo oilo akakakankha kamagwilanitsa turbine na chivundikilo cha kutsogolo. Apo injini na gearbox zayenda pamodzi monga manual. Muli pa mseu woongoka mungamve: nsonga ya rev counter itsika pang'ono monga mwalowa giya ina. Kutentha kutsika, na dizilo iyenda bwino.

Nzelu imeneyi ni yakudala. Injiniya wa ku Germany, Hermann Föttinger, analembetsa converter mu 1905, ndipo anaipangila zombo za panyanja. Kampani ya Packard ku America inaika lock-up mu gearbox yake ya Ultramatic mu 1949. Pambuyo pake ambili anaisiya, mpaka mafuta atakwela mtengo mu 1973. Chrysler inaibweza mu 1978, ndipo enawo anatsatila.

Nanga kompyuta ya motoka ichita chani?

Mu motoka za masiku ano lock-up ilamulidwa na kompyuta ya gearbox. Kompyutayo inaphunzitsidwa kuti motoka iyende mofewa, osagwedeza wokwela. So imagwila lock-up mukafika pa liwilo labwino na mwendo wopepuka, ndipo mukaponda maningi imaleka kuti converter ithandize kukoka. Kwa munthu wopita ku nchito yekha pa mseu wosalala, zili bwino chabe. Kwa imwe amene mukwela Kapiringozi kuchoka ku Chirundu na katundu, kapena Munali Hills na trailer kumbuyo, kompyuta ileka lock-up pamene muifunitsitsa, ndipo mukwela mphindi zambili converter ili kuphika oilo.

Vuto limeneli silili kuno chabe. Ku America eni ma Dodge Ram a injini ya Cummins akhala akuika switch yao yolamula lock-up, imene amaicha mystery switch. Ku Australia, kumene anthu amakoka ma caravan mitunda itali-itali, kuli makampani ogulitsa tumabokosi topanga kale twa Land Cruiser, Prado na Pajero. Kuno kwathu motoka zambili zibwela kuchoka ku Japan zili za automatic, ndipo timazinyamulitsa katundu amene eni ake oyamba sanalotepo.

Yambani mwadziwa gearbox yanu

Musagule kalikonse musanayang'ane ka plate ka Toyota kokhala mu injini kapena pa chitseko. Pamzele wolembedwa TRANS/AXLE mudzaona dzina la gearbox. Mukapeza A340E, A340F kapena A343F, muli pa banja la gearbox za Aisin za magiya 4, zimene zili mu ma Hilux Surf ambili, Prado 90 ya injini ya 1KZ-TE, Hiace, Mark II na Crown. Banja limeneli ndiye losavuta kwa ophunzila.

Mu mitundu yake yakale muli ma solenoid atatu. Solenoid ni ka valve kotsegulidwa na magetsi. Awili, S1 na S2, asankha magiya. Yachitatu, SL, ndiye ya lock-up. Ilibe zambili: ikapatsidwa 12 V lock-up igwila, ikachotsedwa ileka. Ili na waya umodzi, earth yake ipitila mu thupi la gearbox. Mukaipima na multimeter iyenela kuonetsa pakati pa 11 na 15 ohm, ndiye kuti idya pafupifupi 1 A.

Manje chenjezo. Gearbox zatsopano, monga A750F ya magiya 5, na zina za banja la A340 za m'zaka za pambuyo, zili na solenoid ina yochedwa SLU. Iyo ili na mawaya awili, ipima pafupi na 5 ohm, ndipo kompyuta imaipatsa magetsi odukiza-dukiza mofulumila kuti clutch igwile pang'onopang'ono. Mukaipatsa 12 V yachindunji mungaiotche. Ngati multimeter yaonetsa 5 ohm, bwezani pulagi, zonse zili m'nkhani ino si zanu. Ma truck aang'ono ambili monga Canter na Isuzu Elf ali na magetsi a 24 V, ndiye zipangizo za 12 V zipsa pomwepo. Canter za gearbox ya Duonic zilibe na converter yomwe. Pezani wiring diagram ya motoka yanu yeniyeni, kaili mitundu ya mawaya imasintha chaka na chaka.

Switch chabe, bwanji?

Ba mudala ena adzakuuzani kuti osavutika, kokani waya kuchoka ku batili, ikani switch pa dashboard, kwasila. Isebenza, zoona. Vuto ni lakuti switch iyembekezela munthu kukumbukila, ndipo munthu amaiwala.

Mwatsika phili, mwalowa mu tauni, ng'ombe kapena mwana wathamangila mu mseu, mwaponda mabuleki mwamphamvu lock-up ikali yogwila. Ni chimodzimodzi kuimitsa manual osaponda clutch. Motoka igwedezeka, ikankhila kutsogolo, ndipo injini ingazime. Pa A340 lock-up siigwila mu giya yoyamba, koma musadalile zimenezo: pa mseu wa gravel mawilo angaime mwadzidzidzi gearbox isanatsike. Injini ikazima, steering ilema nthawi yomweyo, ndipo mabuleki atsala na mphamvu ya kuponda kawili kapena katatu chabe. Pa phili lotsika, na katundu kumbuyo, imeneyo si nkhani yosekela.

Chinanso, gearbox ikasintha giya lock-up ili yogwila, kulibe oilo wofewetsa. Mudzamva gu! pansi pa mpando, ndipo gu aliyense adya ma clutch na shaft. Kugwila lock-up olo mwana wa Grade 7 angakwanitse na waya umodzi. Kabokosi kabwino ni kamene kadziwa nthawi yoleka popanda kuuzidwa.

Zofunika pa thebulo

Ubongo wake ni Arduino Nano, ka kompyuta kochepa monga chala. Arduino inayambila ku Ivrea, Italy, mu 2005, kuti ana a sukulu aziphunzilila, ndipo pulogilamu yolembela malamulo ake ni yaulele pa intaneti. Pambali pake mufunika ma relay awili a mapini 5, transistor yoyatsila ma relay, ma diode a 1N4007, fuse ya 5 A, ka buck converter monga LM2596, ma optocoupler a PC817, resistor ya 15 ohm ya 25 W, switch, ka LED, na kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino. Zambili zipezeka mu mashopu a zamagetsi mu tauni, zina muodetsa. Ikaninso gauge yopima kutentha kwa ATF. Popanda gauge simudzadziwa ngati nchito yanu yathandiza.

Mtima wa nchito yonse uli pa relay yoyamba. Dulani waya wa SL pakati pa kompyuta na gearbox. Mbali yopita ku gearbox muike pa pini 30. Mbali yochoka ku kompyuta muike pa 87a. Pa 87 mubweletse 12 V ya ignition kupitila mu fuse. Relay ikakhala yozima, 30 na 87a ni zolumikizana, ndiye kompyuta ya motoka ilamula monga kale. Relay ikayaka, kabokosi kanu kalanda ulamulilo. Ubwino wake uli apa: kabokosi kakafa, fuse ikapsa, waya wa coil ukaduka, relay igwa yokha ndipo motoka ibwelela mmene inachokela ku fakitale.

Kompyuta ikaona kuti solenoid yake yasowa, imadandaula. Pa ma Toyota amenewa code 64 ndiye ya solenoid ya lock-up. Nchito ya relay yachiwili ni kupeleka waya wa kompyuta ku resistor ija pa nthawi imene mwalanda, kuti kompyuta iganize kuti solenoid ikalipo. Resistor imeneyo itentha, ingafike pa 13 W, so imangeni pa chitsulo, kutali na carpet.

Magetsi a motoka ni aukali. Alternator ipeleka pafupi na 14 V, ndipo starter na ma coil amaponya mikwingwilima mu mawaya. Arduino ifuna 5 V yoyela, ndiye nchito ya buck converter. Pa coil iliyonse, ya relay na ya solenoid, ikani diode, mbali ya mzele iyang'ane ku positive, kuti imeze magetsi obwelela pozimitsa. Mapini a Arduino salola kupitilila 5 V, so waya wa malaiti a mabuleki na mawaya a S1 na S2 alowe kupitila mu ma optocoupler. Waya wa TPS, sensor ya pa accelerator, muutenge kupitila mu resistor yaikulu. Pa 1KZ-TE waya umenewo ndiye uuza kompyuta kuchuluka kwa dizilo, ndipo mukausokoneza injini iyamba kupenga.

Liwilo mulitenga pa waya wa speed sensor wopita ku speedometer. Pa motoka zambili za ku Japan umapeleka ma pulse 2548 pa kilomita, ndiye kuti pa 60 km/h ni pafupifupi 42 pa sekondi. Ngati munasintha saizi ya matayala nambala imeneyi isintha, yelekezani na GPS ya pa foni.

Malamulo 6 a kabokosi

Pulogilamu yake siifika patali. Imafunsa mafunso omwewo mobweleza-bweleza, kambili pa sekondi. Manambala ali pansipa ni poyambila chabe, mudzawakonza malinga na motoka yanu.

1. Injini na oilo zikali zozizila, osagwila. Kompyuta ya fakitale nayo imadikila.

2. Liwilo likhale na manambala awili. Gwila pa 60 km/h, leka pa 50. Mukaika nambala imodzi, motoka ikamayenda pafupi nayo relay idzayamba kugwila-kuleka, kugwila-kuleka, mpaka clutch itope. Pa giya yachiwili, ya pa phili lalikulu, manambala akhale otsika koma mpata ukhalepo.

3. Mwendo ukakhudza buleki, leka pomwepo. Ukachoka, dikila masekondi awili, uyang'ane liwilo, ndiye ugwile futi.

4. Giya ikamasintha, leka. Kabokosi kadziwa giya poyang'ana S1 na S2: yoyamba ni S1 yekha, yachiwili onse awili, yachitatu S2 yekha, overdrive onse ozima. Mawaya amenewa akasintha, leka kwa sekondi imodzi kapena ziwili.

5. Injini isakokedwe pansi. Dizilo yogwilidwa pa ma rev otsika na mwendo wolema imagunda-gunda, ndipo kugundako kupita molunjika mu gearbox. Ma rev akatsika pansi pa 1500, kapena mwaponda mpaka pansi kuti mupitilile truck, leka.

6. Ukakayika, leka. Ma pulse a liwilo akasowa, sensor ikapeleka nambala yopanda nzelu, zimitsa relay. Yatsaninso watchdog ya mu Arduino, ka ulonda kamene kamaiyambitsanso ikaima kuganiza.

Onani kuti malamulo onsewa akamba za kuleka kapena kudikila. Switch ya pa dashboard nchito yake ni kupeleka chilolezo chabe, na kuzimitsa zonse mukafuna. Ka LED kakuonetseni pamene relay yayaka.

Lamulo la 3 ena amalitsutsa. Amati potsika phili lock-up yogwila ithandiza injini kugwila motoka, mabuleki apume. Ali na mfundo. Koma pa kabokosi kanu koyamba lisiyeni mmene lilili. Potsika chotsani overdrive kapena ikani mu 2, kabokosi kagwile pamene mwendo suli pa buleki. Zochenjela zina zibwele mutayenda nako miyezi.

Yesani pa thebulo, osati pa Great East Road

Musanadule waya uliwonse mu motoka, mangani zonse pa thebulo na batili. M'malo mwa solenoid ikani babu ya indicator. M'malo mwa buleki ikani batani. Liwilo mulinamize na Arduino ina yotulutsa ma pulse. Ndiye muyambe kukazunza: dinani buleki, zulani waya wa liwilo, chotsani earth, zimitsani na kuyatsa mofulumila. Nthawi iliyonse babu iyenela kuzima. Ikakhala yoyaka olo kamodzi, kabokosi sikanakonzeke.

Pomanga mu motoka, iwalani zija zopota mawaya na mano n'kukulunga na pulasitiki. Solder, heat shrink na ma cable tie. Ma pothole athu amagwedeza chilichonse, ndipo waya wa 12 V ukasenduka n'kukhudza wa solenoid, lock-up igwila yokha popanda wolamula. Kabokosi kakhale mkati mwa cabin, pamwamba, kumene madzi a mvula ya January safika.

Ulendo woyamba ukhale pa Sondo m'mawa, mseu wopanda anthu, motoka yopanda katundu. Mukhale awili: wina pa steering, wina na laputopu. Dilaiva asayang'ane sikilini. Yambani na buleki pa liwilo lochepa. Zikayenda, onjezani katundu pang'onopang'ono, mukwele phili limodzi lomwelo kabokosi kali kozima, futi kali koyaka, mulembe zimene gauge yaonetsa.

Zimene sikangachite

Kabokosi si sing'anga. Ngati ATF yanu yada ndipo inunkha monga nsima yopselela, gearbox inadwala kale. Sinthani oilo na strainer, ndipo muike mtundu wolembedwa pa dipstick kapena m'buku la motoka, kaili zina zifuna Dexron, zina Type T-IV. Yang'anani radiator, chifukwa ATF imazizilila mmenemo. Nthawi zambili cooler yoonjezela kutsogolo kwa radiator ndiye chinthu choyamba kugula, kabokosi kabwele pambuyo.

Ka clutch ka lock-up nako kali na malile. Lining yake ni yopyapyala. Mukanyamula kupitilila muyeso n'kukakamiza lock-up pa phili, iyamba kuslipa ili yogwila, ipsa, ndipo fumbi lake liyenda na oilo mpaka mu valve body. Mukamva kunjenjemela monga mwaponda ma rumble strip, kapena ma rev akwela LED ili yoyaka, zimitsani switch pomwepo. Apo mwatsala pang'ono kuchotsa gearbox yonse.

Ngati motoka ni ya abwana, pemphani chilolezo musanagwile waya. Auzeninso a insurance kuti mwasintha. Ndipo minibus yonyamula anthu si malo ophunzilila: miyoyo ya anthu obwelela ku Matero kapena Chawama madzulo isakhale pa pulogilamu imene munalemba usiku umodzi.

Kwa anyamata na atsikana a mawaya

Olo mulibe motoka, nchito imeneyi ili na phindu. Amene akonza mafoni cha ku Katondo Street ali kale na manja a solder. Ba auto electrician adziwa kale relay na fuse. Chosowa ni munthu wogwila zonse ziwili, wotha kuwelenga wiring diagram na kulemba mizele ingapo ya pulogilamu. Motoka zobwela manje zadzala na ma sensor, ndipo makanika wa sipanala chabe akuchepa mphamvu chaka na chaka. Makoleji a pansi pa TEVETA, monga NORTEC ku Ndola, aphunzitsa za motoka na za magetsi, ndipo ka pulojekiti ka pa thebulo monga aka kamakuikani patsogolo pa anzanu.

Yambani na multimeter, babu na batani. Tsiku limene mudzazula mawaya onse limodzi-limodzi babu n'kuzima nthawi iliyonse, ndiye tsiku loyenela kutsegula dashboard.